Za pa Gombe: Tsiku lomwe makina anakana muyeso wa Betty

Abale anzanga a mumsika, sabata yathayi ndinali pa gombe la Chembe m'mawa alovi akutsika ndi chilimira. Mkangano unabuka, nkhani yake chigoba. Mayi wina wooda usipa anati chigobacho nchophwanyika pansi, mwini nsomba nkumati ayi, ndi chomwechi timayezera tsiku lililonse. Phokoso lake mpaka agalu kuthawa.

Ine apo ndinakumbukira Betty Heidler wa ku Germany, katswiri woponya hamala. Musaganize hamala ya kalipentala ayi. Ndi chimpira chachitsulo, cha amayi cholemera makilo 4, chomangidwa ku waya. Munthu amazungulira nacho katatu kapena kanayi m'kabwalo kakang'ono kenaka nkuchitaya. Waponya patali ndiye wawina, basi.

Mayiyu, yemwe ankagwiranso ntchito yaupolisi, sanali wamasewera. Anabadwira ku Berlin m'chaka cha 1983. Mu 2007 ku Osaka anakhala katswiri wa dziko lonse, ndipo mu 2011 ku Halle anaponya mamita 79.42, mtunda womwe panthawiyo panalibe mkazi anaufikapo. Tangoganizani, kupitirira pakati pa bwalo la mpira!

Koma zomwe zinamuonekera ku London pa Olimpiki ya 2012 ndiye za pa Chembe zenizeni. Ulendo wake wachisanu anaponya bwino, aliyense anaona. Pa bolodi osatuluka kanthu. Chinachitika nchiyani? Tatyana Lysenko wa ku Russia anali atangoponya mamita 77.12, Betty nayenso nkugwetsa 77.12 yomweyo. Kompyuta poona nambala imodzimodzi kawiri inayesa kuti wina walakwitsa, ndiye inangoikana. Thukuta la zaka zinayi, makina akuti sitikukudziwani mayi.

Mpikisano unatha, Zhang Wenxiu wa ku China anayamba kale kusangalala ndi mbendera poganiza kuti mendulo yachitatu ndi yake. Betty sanatukwane munthu, komanso sanachoke. Anakakamira pa akuluakulu oyeza mpaka anatulutsa tepi nkuyezanso pamanja ngati telala. Mendulo ya bronze inabwerera kwa mwini wake, Zhang nkutsala m'manja lende. Ameneyu ndiye ndimamumvera chisoni, poti sanabe kanthu.

Nkhani sinathere pomwepo. Mu 2016 zinadziwika kuti Lysenko, yemwe anatenga golide, anagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa opatsa mphamvu. Anamulanda. Anita Włodarczyk wa ku Poland anakwera pa golide, Betty pa siliva, ndipo Zhang uja anapeza bronze yake. Koma siliva ameneyu Betty anamulandira mu 2019, atasiya kale masewerowa. Zili ngati kukubwezerani chenji patapita zaka 7, kwacha itagwa kale.

Ife kuno chiyambireni kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, konko ku Germany, sitinabwereko ndi mendulo ngakhale imodzi. Komatu mikono ilipo, kaoneni atsikana osenza ndowa pa Chembe ndi anyamata okoka makoka. Wowapatsa chitsulo ndi tepi ndiye akusowa.

Nanga mayi wa usipa uja? Anakabwereka chigoba china kwa mnzake wa pa thandala, nkuthira usipa uja anthu onse akuona. Unaperewera pafupifupi mbale yathunthu. Mwini nsomba anawonjezera, kukamwa kuli ng'ung'udzu.