Mitengo ya kumanda ilibe mlonda, nanga bwanji siikutha?

Abale ndi alongo a kuno ku South Bend ndi Indianapolis, pali bodza lomwe lazika mizu pakati pathu, ndipo ine ndatopa nalo. Nkhani ya kutha kwa mitengo kwathu ikangoyamba, kaya ndi pa chisangalalo cha 6 Julaye kaya posonkha za maliro, simuchedwa kumva wina akuti, "Vuto ndi anthu akumudzi, umbuli basi." Ati mankhwala ake ndi kuwaphunzitsa, zikakanika kuwatumizira asilikali. Ine ndikukana kwamtuwagalu.

Yendani pamsewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza. Mapiri ambiri angoti mbee, koma apo ndi apo muona kankhalango kowirira pakati pa minda. Funsani, akuuzani kuti ndi kumanda. Palibe mpanda, palibe mlonda wa boma, koma nkhwangwa siifikako popanda chilolezo cha mfumu. Ku Nsanje, nkhalango ya Khulubvi komwe kuli kachisi wa Mbona yasungika mibadwomibadwo. Anthu omwe mukuwatcha mbuli ndi omwewo asunga mitengo imeneyi. Chifukwa chake n'chimodzi: malowo ndi awo, malamulo ake ndi awo, ndipo wolakwira amaweruzidwa pabwalo lawo lomwe.

Tsono onani nkhalango za boma. Kuyambira nthawi ya atsamunda, munthu wakumudzi amauzidwa kuti phiri lomwe makolo ake ankatolako bowa, masuku ndi mphalabungu tsopano ndi "folesiti", akapezekamo ndi wakuba. N'chifukwa chake ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, mitengo ya paphiri la Ndirande inasesedwa m'zaka zochepa. Anthu sanaone ngati akuwononga chawo. Mu 2015 boma linatumiza asilikali ku Dzalanyama, komwe kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, koma njinga za makala sizinasiye kulowa m'tauni. Mu 2020 zilango zinakhwimitsidwa. Mfuti ndi ndende tayesa, zatipindulira chiyani?

Chopweteka n'chakuti njira yabwino ili kale m'malamulo athu. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo, makomiti oyang'anira zachilengedwe, ngakhale kusainirana pangano ndi boma losamalira limodzi nkhalango za boma. Anayesako ku Chimaliro ndi ku Liwonde kuyambira 1996, kenako ndi thandizo la European Union m'maboma ena. Koma kawirikawiri pulani imalembedwa m'Chingerezi pamsonkhano wa kuhotela, anthu atalandira alawansi, n'kupita nayo kumudzi kuti anyakwawa adindepo chala. Lupsa azilima ndi akumudzi, moto azizimitsa ndi akumudzi, koma mtengo ukakula chilolezo chodula chimapita kwa bwana wa lole. Kumeneko si kugwirira ntchito limodzi, ndi thangata. Ndipo mapulojekiti ali ngati mlendo, ndi mame, sachedwa kukamuka.

Wina anena kuti mafumu ena amagulitsa mitengo usiku, makomiti ena amadzaza ndi achibale. Zoona. Koma kodi makala omwe amadutsa pamarodibuloko onse aja amapita kumudzi? Amapsa m'mbaula za ku Area 47, Namiwawa ndi Katoto, m'nyumba zomwe madola athu amalipirira lendi. Katangale wa mfumu amatha ndi kuwerengera ndalama poyera pabwalo, osati kulanda mudzi wonse mawu.

Ife okhala kuno tilibe chowiringula, chifukwa umboni tikuupondaponda. Pofika cha m'ma 1900 nkhalango zambiri za Indiana zinali zitagwetsedwa, mapiri a Brown County atakokoloka. Mu 1921 anakhazikitsa lamulo loti mwini malo akalonjeza kusunga nkhalango yake, msonkho uziwerengedwa ngati ekala ndi ya dola imodzi yokha. Mlimi anaona phindu la mtengo woimirira. Lero nkhalango zambiri za Indiana zili m'manja mwa anthu wamba, ndipo ku Brown County komweko ndi kumene timakajambulitsa zithunzi masamba akafiira mu Okutobala. Mzungu wa kuno anamunyengerera ndi phindu. Agogo athu okha ndiwo ofunika chikoti?

Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe mu Malichi 2023, ambiri kuno anasonkha ndalama, ena n'kuyamba za kudzala mitengo. Mwachita bwino. Koma musanatumize dola ina, funsani mafunso anayi. Malowo anasankha ndani? Mtundu wa mtengo anasankha ndani, poti anthu angafune masuku ndi mibawa inu mukuwapatsa bulugama woumitsa madambo? Amayi otola nkhuni, ofula njuchi, asing'anga ndi ootcha makala omwe analipo pokambirana? Pakatha zaka khumi, mtengowo udzakhala wa yani, ndipo zalembedwa m'chilankhulo chomwe eni mudzi amamva?

Bungwe likalephera kuyankha, ndalama yanu ibwerere m'thumba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Woyenda mtunda kufuna nkhuni, woona chitsime chikuphwa, ndiye ayambe kulankhula, ife a digiri tikhale pamphasa timvetsere.