Mmene Ayuda Alemekezera Agogo Awo

Ayuda ali ndi mwambo woyenera kuti ana a sukulu audziwe. Sabata lawo liyamba tsiku Lachisanu dzuwa likalowa. Mayi wa m'nyumba ayatsa makandulo, banja lisonkhana pa chakudya, ndipo asanadye ayimba nyimbo yotamanda mkazi wangwiro. Nyimboyo ili m'buku la Miyambo, mutu 31, kuyambira ndime 10 kufikira ndime 31. Ndime zake ndi 22, monga zilembo za Chihebri zili 22, ndipo ndime iliyonse iyamba ndi chilembo chake motsatana. Mawu omwewo awawerenganso pa maliro a amayi ndi agogo.

M'Chihebri nyimboyo aitcha Eshet Chayil. Liwu lakuti chayil ndilo mphamvu, ndipo ndi liwu lomwelo anena za ankhondo olimba mtima. Tsono chimene achitama mwa mkaziyo ndicho nyonga yake: agula munda, apota thonje, achita malonda, asamala osauka, aphunzitsa ana mwanzeru. Boazi anatcha Rute dzina lomweli pamene Rute anali mlendo wamasiye, wokunkha m'minda ya eni.

Panali mkazi wina Myuda, dzina lake Glikl, amene anakulira m'mudzi waukulu wa Hamburg ku Germany. Mwamuna wake atamwalira mu 1689, iye anagwira yekha malonda a ngale, nalera ana ake ambiri. Mu 1691 anayamba kulemba mbiri ya moyo wake m'chinenero cha Chiyidishi, kuti ana ake adziwe kumene anachokera. M'bukumo sanaiwale gogo wake, dzina lake Mata. Pamene Ayuda othawa nkhondo ku Poland anafika ku Hamburg ali odwala, atate a Glikl analandira ena m'nyumba mwawo. Gogoyo, ngakhale anali wokalamba, anakwera kuchipinda cham'mwamba tsiku ndi tsiku kukawasamala, kufikira anatenga nthendayo namwalira. Glikl anafa mu 1724 ku Metz, koma zolemba zake zinasungidwa ndi ana ndi adzukulu, ndipo zinasindikizidwa mu 1896. Chotero dzina la Mata lidziwika kufikira lero, chifukwa mdzukulu wake anakumbukira ntchito zake nazilemba.

Apa pali nzeru. Kutama munthu ndi mawu wamba akuti anali wabwino sikuvuta, koma mawu otere aiwalika msanga. Ulemu weniweni ndiwo kutchula zimene munthuyo anachita: anadyetsa yani, anapirira chiyani, anaphunzitsa chiyani. Ndiponso Ayuda sadikira maliro okha. Ayimba sabata ndi sabata, mwini wake ali pomwepo kumva ndi makutu ake.

Ena anganene kuti nyimbo siipeputsa mtolo wa nkhuni, ndi kuti kutama mkazi chifukwa cha ntchito ndiko kumsenzetsa ntchito zina. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Ulemu wa pakamwa pokha, manja ali khale, uli wachabe. Koma mwana amene waphunzira kuwerenga ntchito za gogo wake ndiye ayamba kuona kulemera kwake, ndipo ndiye athamangira kumlandira mtsuko.

M'midzi mwathu muno agogo ambiri alera ana amasiye, asinja, alima ndi msana wowawa. Komabe alipo ana amene awaseka chifukwa cha mano oguluka, ndi akulu amene awanenera ufiti chifukwa cha imvi. Ichi ndi chinthu chamanyazi. Mwana wanzeru akhale pansi pafupi ndi gogo wake, afunse za njala zimene anapulumuka ndi za ana amene analera, nalembe zimenezo pa pepala. Akatha, awerenge pamaso pa gogoyo akali moyo, ndipo m'mawa mwake apite kukamtungira madzi.