MTHUNZI NDI LUSO SI ZA KU KABULONGA KOKHA

Mu Lusaka muli anthu ena amene amati mitengo, zosema ndi magule ndi zoseweretsa za olemera, ndipo kuti wosauka amangofuna nsima. Maganizo otere ndi zotsalira za atsamunda, ndipo ayenera kutsutsidwa poyera.

Pamene likulu linasamutsidwa kucoka ku Livingstone mu 1935, atsamunda anati Lusaka adzakhala mzinda wa mitengo ndi maluwa. Koma mthunziwo anaugawa poyang'ana khungu. Azungu anatenga mabwalo aakulu ndi miseu ya mitengo, monga mmene Kabulonga ndi Woodlands aonekera kufikira lero. Anchito acikuda anaunjikidwa ku Kabwata m'tinyumba tozungulira ta udzu, ta cipinda cimodzi. Wommana munthu malo okongola amamuuza kuti sali munthu wathunthu.

Boma la ufulu linayankha mu 1974. Linasunga tinyumba 43 mwa tinyumbato ndi kukhazikitsapo Kabwata Cultural Village, kumene amisiri amasema ndi kugulitsa nchito za manja ao. Caka comweco linaimika Cipilala ca Ufulu, ca mwamuna wodula unyolo. Malo a manyazi anasanduka a ulemu, ndipo mwana wodutsa pacipilalapo amaphunzira mbiri ya dziko lake popanda buku.

Koma ulemu wopanda madzi sukhalitsa. Kum'mawa kwa mzinda kuli nkhalango ya Forest Reserve 27, kumene kucokera mtsinje wa Chalimbana wothira mu Chongwe. Citetezo cake citacotsedwa mu 1983, mitengo inagwa, madzi anacepa, ndipo alimi akumunsi anadandaula kufikira cinabwezedwa mu 1996. Phunzirolo linaiwalika msanga: kuyambira mu 2017 mbali zina za nkhalangoyo zinadulidwanso mapuloti a nyumba za apamwamba. Iwo amene amati mtengo sudyedwa ndiwo oyamba kumanga pamthunzi wake, pamene dimba la mlimi wa ku Chongwe liuma.

Motero nkhaniyi si ya m'tauni mokha. Membala wa cipani kumudzi afunse pamsonkhano wa nthambi: ndani anadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo ng'oma inalira liti pabwalo? Mudzi umene waleka kubyala ndi kuvina wayamba kale kudwala, ngakhale nkhokwe zikhale zodzaza.