KUKHULUPIRIKA KWA MBALI IMODZI

M'mawa uliwonse mseu wa Cairo mu Lusaka umadzaza ndi anyamata ndi atsikana onyamula makalata ao a sukulu. Ena ayenda pansi kucokera ku Kabwata, ena akwera basi ku Chelstone kusanace, ndipo onse afuna cinthu cimodzi, ndico nchito pa kampani yaikuru. Makolo ao anawauza kuti munthu akalowa pa kampani yotere, nakhala wokhulupirika, wapeza mthunzi wa moyo wace wonse. Mau amenewa anali oona kale, koma lero asanduka msampha, pakuti makampani afunabe kukhulupirika kwa anchito ao, pamene iwo eni analeka kubwezera.

Makolowo sananame iai; anena zimene anaona ndi maso. Mu April 1968, ku Mulungushi, Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 mwa 100 a makampani ambiri akuruakuru, ndipo mu August 1969, ku Matero, ananena zomwezo za migodi ya kopa. Pansi pa INDECO ndi ZIMCO panasonkhana makampani a moŵa, a mabasi, a masitolo ndi ena otere. M'masiku amenewo nchito inkadza ndi nyumba: kalaliki ankakhala ku Kabwata kapena ku Chelstone, akuru a nchito ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Ku migodi kampani inkapatsa wanchito nyumba, madzi, cipatala ndi bwalo la mpira, ndipo akamwalira inkatulutsa ndi bokosi lomwe. Munthu ankapereka unyamata wace, kampani nisunga ukalamba wace. Lende nkukankhana.

Sikuti zonse zinali zokoma. Akuru ena ankalemba abale ao nchito, ndipo m'maofesi ena anthu anacuruka koposa nchito. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, makampani ambiri a Boma anayamba kudya ngongole. Matenda amenewa anafunika mankhwala, ndipo palibe wanzeru angakane. Koma funso ndi ili: nanga mankhwalawo anamwa ndani?

Mu 1991 Frederick Chiluba, amene anatsogolera bungwe lalikuru la anchito la ZCTU kuyambira 1974, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Caka cotsatira panakhazikitsidwa lamulo logulitsa makampani a Boma. Mu December 1994 Zambia Airways inatsekedwa, ndipo mu 1995 kampani ya mabasi ya UBZ ndi ZIMCO yomwe zinatha. Anthu amene anatumikira zaka 20 osajomba anapatsidwa kalata imodzi, ndipo ambiri anadikira zaka kuti alandire ndarama zao zosiyira nchito. Amene sanabe ngakhale bauti limodzi anaturuka pa cipata comweco ndi aulesi. Kukhulupirika kwao sikunawerengedwe konse m'mabuku a ogulitsa.

Eni atsopano naonso anaphunzitsa phunziro lomweli. Anglo American inatenga migodi ya Konkola mu 2000, ndipo mu January 2002 inalengeza kuti icoka, cifukwa phindu silinaoneke. Zamtel inagulitsidwa kwa kampani ya ku Libya mu 2010, anchito ambiri nacotsedwa, ndipo mu 2012 Boma linailandanso. Kampani yaikuru imabwera ndi kucoka monga mbalame ya m'dzinja. Wanchito ndiye atsala, pamodzi ndi ana ofuna ndarama za sukulu ndi mwini nyumba wogogoda pa citseko.

Tsono taonani mkhalidwe wa m'maofesi ambiri lero. Mnyamata alembedwa pa cipangano ca miyezi isanu ndi umodzi kapena caka, ndipo cikatha adikira ndi mtima m'mwamba kuti amve ngati amlembanso. Alonda, osesa ndi oyendetsa magalimoto kaŵirikaŵiri sali anchito a kampani imene aitumikira. Abwerekedwa kwa kampani ina, kuti ikatopa nao iwabweze monga khasu la eni. Komabe pa msonkhano bwana aimirira nanena kuti onse ali banja limodzi, nawagaŵira malaya olembedwa dzina la kampani, nawaimbira foni usiku kuti atsirize nchito. Kodi ndi banja lanji limene mwana aŵerengeredwa miyezi yokhala mwana?

Cipatso ca macitidwe otere ndico mantha, ndipo mantha aononga nchito yeniyeniyo. Wakale abisa nzeru zace kwa watsopano, poopa kuti angamlande malo. Woona colakwa akhala cete, pakuti cipangano cace citha mwezi wa mawa. Akazitape acuruka, ndipo mnzao akacotsedwa ena ayang'ana pansi, kuiŵala kuti caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Eni makampani adandaula kuti acinyamata a lero alibe mtima wokhazikika, kuti aphunzitsidwa nchito lero, mawa athaŵira kwina. Anenanso kuti malonda abvuta, ndipo sangalonjeze za mawa. Zacimbiri izi ziri ndi coonadi cace, koma wosalonjeza asafunse lonjezo. Mnyamata woceuka ku khomo anaona atate wace akubwera ndi kalata mu 1995. Sanabadwe wosakhulupirika, anaphunzitsidwa ndi makampani omwewo.

Nanga wotsiriza sukulu acite ciani? Asakhale waulesi kapena mbala, pakuti dzina labwino ndi cuma cace, si ca kampani. Koma adziŵe malamulo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaletsa kulemba munthu monga waganyu pa nchito yokhalitsa. Lamulo la nchito la 2019 linati wogwira pa cipangano copitirira caka alandire pomaliza ndarama zosacepera magawo 25 mwa 100 a malipiro ace, ndiponso wocotsedwa cifukwa malo ace atha alandire malipiro a miyezi iŵiri pa caka ciriconse cimene anatumikira. Aŵerenge cipangano asanasaine, nasunge pepala lace. Afufuze ngati ndarama zodulidwa pa malipiro ace zifikadi ku NAPSA. Aloŵe m'bungwe la anchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aphunzire luso limene angapite nalo kwina, naike kandarama pambali mwezi ndi mwezi.

Kukhulupirika ndi ngongole ya anthu aŵiri. Kampani ikafuna kukhala kholo, iyambe ndiyo kulemba anthu nchito yokhalitsa, kuwaphunzitsa, ndi kuwalipira zao pa tsiku lace. Ikakana zimenezi, ilandire thukuta la maora amene yalipira, logwiridwa bwino ndi moona mtima. Koma moyo wonse wa munthu isaupemphe.