Liu Loti Combustion ndi Mbaula ya m'Nyumba

Mwa mau onse a Cingerezi amene mwana aloweza pa phunziro la sayansi, palibe liu lotayidwa msanga ngati liu loti combustion. Mnyamata wa ku Madzimoyo alilemba m'kope, aliloweza usiku, nalilembanso bwino pa tsiku la mayeso. Koma atatsiriza sukulu alisiya komweko pamodzi ndi coko. Madzulo a tsiku lozizira aona mai wace alikulowetsa mbaula m'cipinda cogona ndi kutseka citseko, iye osanena kanthu. Kuloweza kotere sikuyenera kuchedwa maphunziro, pakuti liu limene analisiyalo likadatha kupulumutsa banja lonse.

Combustion ndiko kuyaka. Mu 1774 Joseph Priestley wa ku England anapeza mpweya wina umene uyatsa kandulo kowala koposa, ndipo Antoine Lavoisier wa ku France anaucha okosijeni, nasonyeza kuti cinthu cikamayaka cimalumikizana ndi mpweya umenewu. Mwa magawo 100 a mpweya umene anthu apuma, magawo 21 ndiwo okosijeni. Monga mphika ukhala pa mafuwa atatu, moto nawonso ukhala pa zinthu zitatu: coyaka, mpweya ndi kutentha. Cimodzi cikacoka, moto uzima.

Alipo ena amene anena kuti nzeru zotere sizingalowe m'Cinyanja, ati cinenero ca kumudzi cilibe mau okwanira. Maganizo amenewa anakula pamene lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira m'Zambia kuyambira kalasi loyamba. Komatu anthu amenewa aiwala mbiri. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, ana anaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja, ndipo pofika 1922 Buku Lopatulika lonse linali litasindikizidwa m'cinenero comweci. Kodi cinenero cimene cinasenza buku lalikulu lotere cingalephere kusenza tsamba limodzi lonena za moto? Akulu anati, mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Ndipo pa nkhani ya moto mwendo wa Cinyanja suli waufupi konse. Moto ausonkha, aukoleza, aupemerera. Uyaka, ulilima, ufuka, unyeka, uzima. Nyama aiocha kapena kuiwamba, mbewa aziwaula, ndiwo zipserera, ndipo chire likatenthedwa patsala lupsa. Nzeru ya mpweya nayonso siinabwere pa sitima. Makolo anali kusungunula citsulo m'ng'anjo ndi kupopa mvukuto zaka mazana ambiri Lavoisier asanabadwe. Woocha makala akwirira mulu wa mitengo ndi dothi, nasiya tiziboo tocepa, cifukwa adziwa kuti mpweya ukacuruka adzakolola phulusa lokha. Iyeyu sanalembe mayeso, koma combustion aidziwa ndi manja ace kuposa uja anailoweza.

Pali bvuto limodzi loyenera kulibvomera, ndipo apa ndipo pali nchito ya wophunzira. Liu loti kupsa ndi lotakata. Nyumba ipsa, nsima ipsa, mango apsa, mowa upsa, munthunso apsa mtima. Mwa zonsezi nyumba yokha ndiyo yayaka. Ndiponso anthu ambiri ayesa kuti moto uli pomwe pali lawi ndi utsi pokha. Mwambi woti utsi sufuka popanda moto ndi woona, koma suti moto sungakhale popanda utsi. Makala ofiira, opanda lawi ndi opanda utsi, alikuyakabe ndithu, ndipo alikudyabe mpweya wa m'nyumba.

Kusazindikira kumeneku ndiko kumapha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, cisanu cikagwa m'dziko la Chipata, mai akoleza mbaula pabwalo, nadikira kuti utsi uthe. Ukatha aganiza kuti coipa catha, nalowetsa mbaula m'nyumba kuti ana afunde. Koma makala akayaka pamalo posowa mpweya wokwanira, kuyaka kwace kukhala koperewera, ndipo aturutsa mpweya wina wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe maonekedwe, ulibe pfungo, sutsokomoletsa, ndipo suliza maso. Ukalowa m'mapapo ukangamira m'magazi mwamphamvu yoposa ya okosijeni nthawi 200, kotero kuti magazi aleka kunyamula mpweya wa moyo. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, miyendo ilefuka, nagwidwa ndi tulo. Amene wagona kale sadzuka n'komwe kuti atsegule citseko.

Wina adzatsutsa nati, nanga makolo sanali kugona ndi moto m'nyumba? Inde anali kugona nawo, koma nyumba zao zinali za mitengo ndi tsindwi la udzu, ndipo mpweya unali kulowa ndi kuturuka m'mipata yambiri. Ngakhale pamenepo utsi unali kudetsa tsindwi ndi mwaye, ndi kulwalitsa zifuwa. Nyumba ya njerwa, ya malata ndi mazenera a galasi, ikatsekedwa ndi kutseredwa nsanza m'munsi mwa citseko, ifanana ndi mulu wa woocha makala uja, koma m'kati mwace muli anthu. Kamangidwe kanasintha, cizolowezi ca mbaula cinatsala. Ndipo mbaula siinacoke ngakhale m'nyumba za magetsi: mu 2024, cirala citacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja a m'matauni anabwerera ku makala.

Imfa yotere ikagwa, tsoka lina litsata. Anthu akapezeka ali gone m'nyumba yotseka, opanda bala, mudzi uyamba kunong'onezana. Ena ati anadyetsedwa mankhwala, popeza aona masanzi. Ena aloza cala nkhalamba yosacimwa, naiyesa mfiti. Pamaliropo pakhala anyamata ndi atsikana amene anakhoza sayansi, ali cete, mbaula yozima ili pakona. Kukhala cete kumeneko ndi mlandu, pakuti iwo okha ndiwo anali ndi mfungulo ya nkhaniyo.

Tsono wotsiriza sukulu afunika kucita zinthu zocepa, koma azicite m'cinenero cimene agogo ace akumva. Awauze kuti makala ofiira ndi moto wamoyo, ndi kuti mbaula siigona m'nyumba mogona anthu, ngakhale utsi utatha. Awauze kuti pophika m'nyumba citseko ndi zenera zikhale zotsegula, ndi kuti jenereta iikidwe pabwalo, kutali ndi zenera, cifukwa nayonso ituruka mpweya womwewo. Anthu a m'nyumba imodzi akadandaula mutu onse pamodzi, mbaula ili pomwepo, awaturutse pabwalo msanga. Wina akakomoka, amtengere ku cipatala osazengereza, nauze anamwino kuti munali makala m'nyumba.

Cingerezi asacitaye, pakuti mayeso ndi nchito zicifuna. Koma liu limene munthu sangathe kulimasulira kwa mai wace sanaliphunzire, wangolibwereka. Mphunzitsi amene alemba combustion pa bolodi, naleka kuchula mbaula, wacita theka la nchito; ndipo wophunzira amene abwera nalo kumudzi monga cobvala ca pa Sabata, cofuna kudabwitsa naco anzace, sanathandize munthu. Banja limene linagulitsa cimanga ndi nsawawa kuti mwana aphunzire liyenera kulandirako phindu ili lokha, loti ligone ndi kudzuka bwino m'nyengo ya cisanu.