Chinsinsi chanu kuchipatala chikaululika, moyo wanunso umakhala pachiswe

Mukapita pachipatala cha Bwaila, chomwe chili m'tauni yakale ya Lilongwe kufupi ndi Area 3, mupeza kuti anthu amayamba kufola dzuwa lisanatuluke. Pachipatalachi pamabadwa ana pafupifupi 15,000 kapena kuposerapo chaka chilichonse, ndipo pamalo omwewo pali Martin Preuss Centre, yomwe yakhala ikuthandiza anthu omwe ali ndi HIV komanso TB kuyambira mu 2006. Pamalo pothithikana chonchi, paliponse m'dziko muno, funso limene wodwala amakhala nalo mumtima ndi lakuti: zomwe ndiuze adokotala zithera pomwepa?

Funsoli si la manyazi chabe. Likukhudza moyo wanu.

Chinsinsi chikugwirizana bwanji ndi chitetezo?

Munthu akamaopa kuti wina amva, amabisa. Akabisa, dokotala amalemba mankhwala asakudziwa zonse.

Tengani mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Mankhwalawa amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, yemwe ali m'ma ARV omwe anthu ambiri m'Malawi akumwa masiku ano. Nchifukwa chake wodwala yemwe akumwa zonse ziwiri amawonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir patsiku. Rifampicin yemweyo amafooketsanso njira yolera yoika pamkono. Ndiye ngati mayi wabisa kuti ali pa ma ARV kapena kuti adaikitsa kulera chifukwa apongozi ake aima pambali pake, angathe kupeza kuti kachilombo kachulukanso m'thupi, kapena kutenga pathupi posayembekezera.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa odwala 10 aliwonse, mmodzi amavulazika polandira chithandizo, ndipo zoposa theka la ngozi zoterezi nzopeweka. Zambiri mwa izo zimachokera ku mankhwala.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula kuti munthu ali ndi HIV iye asanavomere, kupatula pa zifukwa zochepa zomwe lamulolo lidatchula.

Chatsopano ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 3 June 2024. Lamuloli limaika mbiri ya umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kutetezedwa mwapadera, ndipo lidapatsa bungwe la MACRA udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa. Likukhudza zipatala za boma, za mishoni komanso za anthu wamba. Muli ndi ufulu wofunsa zomwe chipatala chikusunga zokhudza inu, komanso wopempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Lamuloli labwera panthawi yake chifukwa mbiri za odwala ambiri, makamaka omwe amalandira ma ARV, tsopano zimasungidwa m'makompyuta. Ubwino wake ngwakuti mbiri yanu sisowa ngati momwe pepala limasowera. Kuipa kwake nkwakuti munthu mmodzi wosasamala angathe kutulutsa mayina a anthu ochuluka nthawi imodzi.

Nanga zinsinsi zimatulukira pati?

Lamulo palokha silimanga chipinda. M'zipatala zambiri odwala amachuluka kuposa malo, moti kukambirana ndi namwino kumachitika ena akumva. Koma mipata ina timaitsegula ndife tomwe.

Woyamba ndi buku la kuchipatala. Bukuli mumasunga ndinu, ndipo muli zonse: matenda, zotsatira za magazi, mankhwala. Mukalisiya poyera kapena kutuma nalo munthu amene simumudalira, mwaulula nokha. Kubwerekana buku ndiye koopsa kwambiri, chifukwa dokotala amakhulupirira zomwe zalembedwamo. Ngati mwini buku amamwa Bactrim popanda vuto pomwe inu thupi lanu limadana naye, ngozi yake igwera inu.

Wachiwiri ndi foni yomwe muli nayo m'manjayi. Mukapita kukazonda wodwala n'kujambula chithunzi m'wodi, mumajambulanso omwe agona pamabedi oyandikana nawo. Chithunzi chikalowa pa gulu la WhatsApp la kumpingo kapena pa Facebook, sichibwereranso. Ngakhale mukupempha thandizo la ndalama, yambani mwafunsa mwini wake, ndipo musajambule zikalata zake.

Zomwe mungachite

Pemphani kuyankhula ndi dokotala panokha. Wokudikirirani, kaya ndi amuna anu kapena amayi anu, angathe kuyamba atuluka.

Nenani mankhwala onse omwe mukumwa, kuphatikizapo azitsamba ndi ogula pagolosale.

Musanalandire jakisoni, magazi kapena mapiritsi, tsimikizani kuti dzina lomwe lalembedwa ndi lanu. Ma Banda ndi ma Phiri m'wodi imodzi amakhalamo angapo.

Funsani dzina la mankhwala, ntchito yake ndi kamwedwe kake. Kufunsa si mwano.

Mukalakwiridwa mupite kuti?

Kuyambira mu 2018, zipatala za boma zidayamba kukhala ndi ofesi ya Ombudsman wa pachipatala, komwe mungadandaule kwaulere. Ngati nkhani ikukhudza dokotala, bungwe la Medical Council of Malawi ndilo limaweruza. Ikakhudza namwino kapena mzamba, pitani ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Za kutayikira kwa mbiri yanu mungakauzenso a MACRA. Lembani tsiku, nthawi, wodi komanso dzina la amene adakuthandizani, chifukwa dandaulo lopanda izi limavuta kulondola.

Ogwira ntchito zachipatala ambiri amagwira ntchito motopa, odwala ali mbwee, ndipo amasunga zinsinsi zathu mokhulupirika. Chomwe chatsala nchakuti boma liwapatse zipinda zokwanira ndi maphunziro a lamulo latsopanoli, ndipo MACRA ionetse kuti lamuloli lili ndi mano. Inu mbali yanu ndi iyi: uzani dokotala zonse, sungani buku lanu pabwino, ndipo mukalowa m'wodi foni ikhale m'thumba.