ONANI MBIRI YANU YA NGONGOLE MVULA ISANAGWE

Alimi anzathu, mlimi wanzeru sachoka pa sikelo asanaone kulemera kwa matumba ake. Amayang'ana yekha muvi wa sikelo, ndipo amawerenga zimene kalaliki walemba pa lisiti. Koma pali sikelo ina imene imayeza mlimiyo mwini wake, ndipo ambiri a ife sitinaiyang'anepo. Sikelo imeneyi ndi mbiri ya ngongole.

Kale ngongole ya feteleza ndi mbewu inkadzera m'makalabu. Mamembala ankadziwana, mlangizi ankawadziwa, ndipo mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse inkamanidwa ngongole chaka chotsatira. Dongosolo limeneli linagwa pambuyo pa chilala cha 1992, pamene alimi ambiri analeka kubweza. Masiku ano wokongoza sakudziwani nkhope. Amadalira zolembedwa.

M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data ndi TransUnion, amene amalandira chiphaso ku Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe ena okongoza ndalama amatumiza kumeneko maina a okongola, ndalama zimene anatenga, ndi m'mene akubwezera. Kuchokera pa zimenezi mumatuluka lipoti lanu, ndiponso malikisi osonyeza ngati muli munthu wokhulupirika pa ngongole. Wobweza pa nthawi yake malikisi ake amakwera. Wochedwa kapena wothawa ngongole malikisi ake amatsika. Mukapempha ngongole, banki imayamba yafunsa kumeneko isanakuyankheni.

Tsono mabuku amenewa amalembedwa ndi anthu, ndipo munthu amalakwitsa. M'boma limodzi mungapezeke anthu ambirimbiri a dzina la Banda kapena Phiri, ndipo ngongole ya wina ingagwere pa dzina lanu. Mlimi wa fodya angadulidwe ngongole yonse ku okushoni, koma wokongozayo n'kuchedwa kutumiza uthenga woti munthuyu anamaliza. Wina anasainira mbale wake ngati womuimira, mbaleyo sanabweze, ndipo banga lili pa onse awiri. Kuyambira mu 2017 tili ndi chiphaso cha unzika, chimene chathandiza kusiyanitsa anthu a maina ofanana. Komabe chiphaso chomwecho chikagwera m'manja mwa wakuba, angayese kukongolera pa dzina lanu inu muli kumunda.

Ena amati kufunsa za lipoti n'kudziputira mavuto. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kufunsa sikuonjezera ngongole ngakhale tambala imodzi. Zimene zalembedwa zilipo kale, ndipo banki ikuziona, inu mufune musafune. Wosadziwa ndinu nokha. Safunsa anadya phula.

Ena amati ulendo wa ku tauni ndi wodula, ndipo n'zoona. Koma yerekezani mtengo wa ulendowo ndi mtengo wa munda wosathira feteleza. Mlimi amene wakanidwa ngongole mu Novembala alibe nthawi yolemba makalata ndi kudikira mayankho. Mvula sidikira kalaliki. Otsala pa khomo pake ndi a katapila, amene chiwongoladzanja chawo chimadya zokolola zisanache.

N'chifukwa chake tikuti nthawi yabwino yoona lipoti ndi pakati pa Juni ndi Ogasiti, mutangogulitsa mbewu ndi kubweza ngongole. Nthawi imeneyi malisiti akadali m'manja, ndalama yoyendera ilipo, ndipo patsala miyezi itatu kapena inayi yokonzera cholakwa chilichonse. Chitani zimenezi chaka ndi chaka, monga m'mene mumakonzera nkhokwe.

Tengani chiphaso chanu, mufunse ku banki kapena ku bungwe limene linakukongozani kuti lipoti lanu mungalipeze bwanji. Mukalilandira, onani zinthu zinayi. Kodi dzina ndi nambala ya chiphaso ndi zanu? Kodi ngongole zonse zolembedwazo mukuzidziwa? Kodi zimene munamaliza kubweza zalembedwa kuti zinatha? Kodi masiku amene akuti munachedwa akugwirizana ndi malisiti anu? Ngati simudziwa kuwerenga Chingerezi, pitani ndi mwana wa sukulu kapena mlembi wa kalabu amene mumamukhulupirira.

Mukapeza cholakwa, musangodandaula pakamwa. Lembani kalata kwa wokongozayo ndi ku bungwe losunga mbiri, muikemo mafotokope a malisiti, ndipo malisiti enieniwo musunge kunyumba pamalo osafika chiswe. Ngati sakukuthandizani, dandaulo lanu lipite ku Reserve Bank, imene imayang'anira mabungwe onsewa.

Mukapeza kuti ngongoleyo ndi yanudi, musabisale. Pitani mukapangane ndi wokongozayo za kabwezedwe, ndipo mapanganowo alembedwe. Mbiri yoipa imakonzeka pang'onopang'ono ndi kubweza mokhulupirika, ndipo mbiri yabwino ndi chikole cha mlimi amene alibe nyumba ya malata kapena galimoto yopinyolitsa.

Apampando ndi alembi a makalabu, ikani nkhani imeneyi pa msonkhano wanu woyamba misika ikatsegulidwa. Membala aliyense adziwe zimene zalembedwa pa dzina lake mafomu a ngongole asanabwere.